Phukusi Limene Linapita kwa Agogo

Mireia anakwera masitepe a nyumba yawo ku Girona miyendo ikulemera ngati yobwereka. Linali tsiku la Sant Jordi, limene anthu amapatsana duwa lofiira ndi buku, ndipo kumalo ophikira buledi kumene ankagwira ntchito, makasitomala anali atamuimitsa chiimire kuyambira m'bandakucha. M'chikwama munali mabuku awiri amene anagula mothamanga pa thebulo la m'msewu. Onse anali aakulu, opyapyala, ndipo wogulitsa anawakulunga m'pepala lofanana.

Limodzi linali la apongozi ake, a Benet, lonena za sitima zakale, poti anakalambira pa ntchito ya njanji. Linalo linali la Bruna, mwana wake wa zaka zisanu, ndipo ndi limene linkamusowetsa mtendere.

Mireia anamubereka yekha Bruna, inde, ululu wonse anaumva. Koma magazi a mwanayo sanali ake, sanalinso a mwamuna wake Oriol. Atatopa ndi kuzungulira zipatala pofuna mwana, madokotala anawauza za mluza umene banja lina losadziwika linasiya, utasungidwa mozizira kwambiri, kuti wina adzautenge. Anauika m'mimba mwa Mireia, n'kukhala Bruna. Mlangizi wa kuchipatala anati mwana auzidwe adakali wamng'ono, kudzera m'buku la zithunzi, asanadzamve kwa ena. Koma a Benet sankadziwa kanthu, ndipo sankayenera kudziwa, malinga ndi Oriol.

Mireia anapeza Oriol kukhitchini akupaka tomato pa buledi.

"Ndaligula," anatero Mireia motsitsa mawu. "Bambo akubwera kudzadya nafe. Akangopita, timuwerengera Bruna."

"Lero lomwe? Taona mmene watopera. Bwanji kumapeto kwa sabata?"

"Chaka chatha unatinso choncho. Zengelezu adalinda kwawukwawu, Oriol."

"Nanga akakaulula kwa bambo? Mwana uja pakamwa pake palibe chitseko."

"Ndiye uwauze wekha bambo akowo. Ine ndatopa kumwetulira akamayamba za maso."

Za masozo zinali zamasiku onse. Akazi awo a Benet, mayi Assumpta, anamwalira Bruna asanabadwe, ndipo chiyambire tsiku limene mkuluyo anamunyamula koyamba, ankangoti mwanayu ali ndi maso a malemu. Ankauza wogulitsa nyuzi, ankauza aphunzitsi, ankauza ndi osafunsa omwe.

A Benet anafika ndi maluwa awiri, lina la Mireia, lina la Bruna.

"Kamfumukazi kanga kali kuti? Tabwera ndione maso a agogo ako aakazi. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Agogo, mwanunkha fodya," anatero Bruna akukwinya mphuno.

"Iwenso wanunkha chokoleti, wakuba iwe."

Atadya soseji ndi nyemba, Mireia anapisa m'chikwama n'kutulutsa phukusi, kupatsa apongozi ake. Sanaliyang'ane n'komwe, maganizo anali pa mapazi amene ankawawa. Anapita kukatereka khofi. Ali kumeneko anamva pepala likung'ambika, kenaka a Benet akuseka.

"Mireia, kodi ndakalamba mpaka kubwerera ku ubwana? Sitima zake zili kuti apa?"

Mireia anasiya khofi n'kuthamangira konko. Pofika pakhomo, Bruna anali atakwera kale pamiyendo pa agogo ake, chala chili pa chikuto. Panali chithunzi cha kambewu kakang'ono katagona m'kanyumba ka chisanu.

Oriol anatambasula dzanja. "Wogulitsa wasokoneza, Bambo. Si lathu limenelo, tikabweza mawa."

"Ayi, ndi langa," anatero Bruna, n'kulikumbatira. "Agogo, werengani."

Mireia akanatha kulilanda. Akanatha kuseka n'kuvomereza bodza la mwamuna wake, monga ankachitira zaka zonsezi. Koma mphamvu zonamira zinali zitamuthera limodzi ndi za m'miyendo. Anakoka mpando n'kukhala.

"Ndi lathu, Bambo," anatero. "Ndinagulira Bruna. Werengani."

A Benet anavala magalasi n'kuyamba ndi mawu awo ochita nthabwala. Kunali kambewu, anawerenga, kamene kanagona nthawi yaitali kozizira. Amene anakapanga anali kale ndi ana okwanira, koma sanafune kuti katayike, choncho anakasiya kwa madokotala kuti kapeze mayi. Kwina kunali mayi ndi bambo amene anali ndi kabedi kopanda mwana. Anthuwo anabwera kudzakatenga, dokotala n'kukaika m'mimba mwa mayiyo, mofunda, ndipo kanadzuka n'kuyamba kukula.

Pamenepa nthabwala zinali zitachoka m'mawu mwawo. Anatembenuza tsamba pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mwana wawo pamwamba pa magalasi. Oriol anali akuyang'ana nyemba zotsala m'mbale.

"Amayi, kambewuka ndi ndani?" anafunsa Bruna.

"Ndi iweyo, mwanawe."

"Ineyo? Ndinali m'firiji?"

"Ya kuchipatala, osati ngati yathuyi."

"Pamodzi ndi nsomba?"

"Ayi, munalibe nsomba."

Bruna anaganiza kaye. "Nanga anthu anandisiyawo ali kuti?"

"Sitikuwadziwa. Koma anali anthu abwino, anatipatsa iweyo."

"Ndinkalira?"

"Unali mtulo. Sunkamva kanthu."

Mwanayo anatembenukira kwa agogo ake n'kuwagwira chibwano, monga ankachitira akafuna kuti amumvetsere. "Agogo, inu munabwera kudzandiona kozizirako?"

A Benet anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsalu ya pathebulo.

"Sindinabwere, kamfumukazi. Palibe anandiuza."

"Chabwino," anatero Bruna. Anatsika, kutenga buku lake ndi duwa, n'kupita kukaonetsa zidole zake. Nkhani imene makolo ake anaiopa zaka zisanu, iye anaimaliza m'nthawi yomwera khofi.

Oriol anayesa kulankhula.

"Bambo, tinkafuna tikuuzeni, koma nthawi yake..."

"Khala chete, Oriol." Sanakweze mawu. "Ndakhala ndikuyenda tauni yonseyi ndikuonetsa anthu maso a mayi ako. Inu mukungondiyang'ana. Munkati ndikadziwa ndimutaya pazenera?"

"Tinkaopa kukupwetekani."

"Mwandipwetekabe, kungoti mochedwa."

Anaimirira n'kuyamba kufunafuna chipewa. Mireia anathamangira m'chikwama n'kutulutsa phukusi lina lija, la sitima. Analilandira osalitsegula, n'kulipanira m'khwapa. Oriol sanasunthe pampando, choncho ndi Mireia amene anawaperekeza kukhomo. Ankaopa zedi. Mkuluyu ndiye ankatenga Bruna ku sukulu tsiku lililonse, ndiye anamuphunzitsa kuimba likhweru, ndipo mwanayo sankagona asanawaimbire foni. Akachoka lero osabweranso, adzamuuza chiyani? Buku la zimenezo palibe amene analemba.

Pakhomo a Benet anaima atagwira chitsulo cha masitepe. Ankaoneka okalamba kuposa mmene analowera.

"Ndiye maso aja si a Assumpta."

"Ayi, Bambo. Si awo."

"Ngakhale pang'ono?"

Mireia analakalaka kunama kamodzi kokha, komaliza. Anapukusa mutu.

Mkuluyo anapumira m'mwamba. "Ndinkati anandisiyirako kenakake. Lero ndiye ndamuika m'manda kachiwiri."

"Pepani, Bambo."

"Iwe unamunyamula m'mimba, unamva zowawa. Wopepesa ali m'katimu, akuwerenga nyemba."

Anayamba kutsika, sitepe imodzi imodzi. Mireia anatsala chiimire, osadziwa ngati atseke chitseko. M'nyumbamo Bruna ankamveka akufotokozera zidole kuti iye anakhalapo m'firiji yopanda nsomba. A Benet nawonso anamva, poti anaima pokhotera masitepe. Sanacheuke.

"Mireia."

"Bambo?"

"Mawa akuti kugwa mvula. Ndikamutenga nthawi yomwe ija, koma umuveke jekete lokhuthala, osati kansalu kamene umamuveka kaja." Anakonza chipewa chawo. "Mwana ameneyu anazizidwa kokwanira."

Mireia anamvetsera mapazi awo mpaka chitseko cha pansi chinatsekeka. Kenaka analowa, navula nsapato, n'kupita kukafufuza jekete lija m'kabati.