Kathumba ka Phulusa

Mwamuna wanga Goodman amalondola zipembere kunkhalango ya ku Liwonde. Kwathu kuno ku Nkhulambe palibe anaonapo chipembere ndi maso, koma nkhani ikakhala ya mwamuna wanga aliyense ali ndi pakamwa. Ati mkamwini wanji wosagwira khasu, nandolo wa apongozi akuumira m'munda iye ali kutchire kuweta nyama zosadyedwa.

Ine zipembere ndimazidziwira kwa iyeyo. Akabwera patchuthi amandifotokozera tikusenda chinangwa. Chipembere maso ake ndi achabechabe, ukaima osagwedezeka chimakuyesa chitsa. Koma mphuno ndi makutu, usayerekeze. Chikangomva fungo la munthu, makamaka chachikazi chokhala ndi mwana, sichifunsa kuti ndiwe yani. N'chifukwa chake wolondola amayenda ndi kathumba ka phulusa. Akakagwedeza, phulusa limauluka n'kumuonetsa kumene mphepo ikulowera, iye n'kuzungulira mbali yoti fungo lake lisafike kwa nyamayo. Kathumba ka Goodman ndinasoka ndine ndi kansalu kotsala pachitenje changa, ndipo phulusa lake ndinkapala pamafuwa a amayi.

Patchuthi chake chomaliza ine ndinatanganidwa ndi amayi kuchipatala, miyendo itawatupa. Zovala za Goodman anachapa ndi achemwali anga, a Peggy. Goodman ananyamuka m'mawa mothamanga, kabaza ikumudikira pamsewu.

Sabata isanathe foni inalira, ati wavulala. Ndinakamupeza atagona kuchipatala, ntchafu itasokedwa ngati thumba la chimanga. Anandiuza kuti anakumana ndi chipembere ndi mwana wake m'zitsamba, mvula itangokata. Anapisa m'thumba, kathumba mulibe. Dothi linali lonyowa, panalibe ndi fumbi lomwe loti aulutse. Mphepo inatembenuka iye osadziwa. Chinamutola ndi nyanga n'kumuponya paminga, icho n'kumapita, mwana wake akutsatira pambuyo.

"Sichinalakwe," anatero. "Chimateteza mwana. Wolakwa ndine, ndinataya kathumba kako."

Atatuluka m'chipatala anabwera kumudzi akuyendera ndodo. Asanapume n'komwe, malume anga a Fraser, eni mbumba yathu, anaitanitsa abale onse pakhonde pa amayi. Anatulutsa jumbo, n'kuikhuthula pansi, n'kukankha chimene chinagwacho ndi kamtengo kuopa kuchikhudza. Kanali kathumba kaja ndinasoka ine.

"Ichi chinapezeka m'buluku la mkamwini," anatero malume. "Chilowereni munthuyu pamudzi pano, mlongo wanga miyendo sikuphwa. Titangochichotsa, mankhwala abwerera mwini wake. Umboni ndi mwendo wakewo. Ukwati wathera pano, atenge zake azipita."

Ndinamva kutentha thupi lonse. Munthu wangotsala pang'ono kufa chifukwa cha manja awo, iwo n'kumutcha mfiti ali ndi mabala osapola.

"Achemwali, munachotsa ndinu?" ndinafunsa.

"Ndinachita mantha," anayankha a Peggy, maso ali pansi.

"Mantha anakutsekani pakamwa poti mundifunse ine, koma kwa malume munathamangira bwinobwino. Malume, taonani nsaluyo, muonenso chitenje ndavalachi. Ndinasoka ndine. Muli phulusa loonera mphepo, la pamoto womwe mumadyerapo mukabwera kuno."

"Mwamva nokha," anatero malume potembenukira anthu. "Anamudyetsa kale, mpaka kumamusokera zithumwa. Khala chete, Belita, akulu akulankhula."

Ndinayang'ana amayi. Iwo ankandiona ndikupala phulusa lija, tsiku lina mpaka anandibwereka sefa yawo. Akanangonena mawu amodzi nkhani ikanatha. Koma anangoti zii, akusisita bondo, kuopa mlongo wawo. Kunena zoona, pa onse amene anali pakhondepo, amayi ndi amene anandipweteka kwambiri.

Goodman sanatsutse. "Ndamva, bambo," anatero, n'kuyamba kulimbana ndi ndodo zake kuti aimirire. Amuna onse aja anangomuyang'ana, palibe anatambasula dzanja.

Kwathu kuno mkazi sachoka. Munda ndi wanga, nyumba ili pamalo a amayi anga, ukwati ukatha amanyamuka ndi mwamuna. Malume ankadalira zimenezo. Ankati ndilira masiku angapo kenako ndigwira khasu, ngati mmene anachitira a Peggy amuna awo atathamangitsidwa.

Ndinatola kathumba kaja ndi dzanja langali. Azimayi anafutukira m'mbuyo ngati ndanyamula njoka. Ndinakasasa fumbi n'kukaika m'thumba la malaya a Goodman, n'kumugwira m'khwapa mpaka anaima. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinamanga zovala zathu m'nsalu, n'kubereka mwana wathu Favour.

"Ukatuluka pamudzi pano, mundawo uiwale," anatero malume.

Tinatsika pakhonde pang'onopang'ono, chifukwa mwendo wa Goodman sunkalola changu. Titafika pamtengo wa mango wa kumalire, ndi pamene amayi anapeza mawu.

"Belita, mwanangu, nanga nandoloyu akolola ndani?"

Misozi inali itayamba kale kutsika m'masaya mwanga, koma ndinatembenuka.

"Akolole omwe amadziwa kupisa m'matumba a eni, amayi."

Ndinakonza Favour kumsana, ndipo tinapitiriza ulendo wa kumsewu.