Zimbale za Chete

Amayi anali kutsuka makapu obwereka kwa anansi pamene Nesi, mwana wawo wamkazi, analowa m'khitchini asanavule n'komwe yunifolomu ya kuchipatala.

"Amayi, amalume atulutsa makatoni a Chete. Ali nawo kuseri, pa mgolo wotenthera zinyalala."

Amayi anatsukuluza kapu imene inali m'manja, naivundikira pa thaulo pambali pa zinzake. Sabata inali isanathe chiikireni mwana wawo wamwamuna m'manda. Dzina loti Chete anamupatsa ali khanda chifukwa sankalira, ndipo anakula nalo mpaka kukhala wokonza mafiriji. Galimoto inamugunda akuchokera kwa kasitomala, ndipo kompyuta imene inali m'chikwama chake inaphwanyikira pomwepo.

"Ndikudziwa," anatero amayi. "Ndinawalola ndine."

"Mukudziwanso kuti nyimbo zimene ankapanga zatsala m'makatoni amenewo basi? Zikapsa, zapita."

Amayi anapukuta manja pang'onopang'ono. Pamaliro paja anamva manong'onong'o a azimayi a kumpingo, akuti mnyamatayo ankamvera zinthu za mumdima ndipo mdima unamuyankha. Zimbale zake za nyimbo zinalidi zakuda bii, zopanda nkhope ya woimba. Zina ankaitanitsa kutali, zina ankapanga yekha akaweruka. Zikamalira, khoma linkachita kulirima, ndipo amayi ankagogoda ndi mpini wa tsache. Chete ankatsitsa osatsutsa. Kenako anagula mahedifoni, m'nyumba munabwerera bata, ndipo amayi sanafunsenso kanthu.

Kuseri anapeza amalume atawerama pa mgolo, botolo la palafini lili pansi. Anali mkulu wa mpingo, ndipo ndiwo anayendetsa maliro onse osakhala pansi. Dzulo lake anakonzanso loko wa pageti popanda wowatuma. Tsopano ankakhwatcha machesi amene anagona pa chinyezi.

"Mwaona, amalume, ngakhale machesi akukana," anatero Nesi.

"Iwe, ndinakupukuta mamina ndi mpango wanga womwe uno. Usandiphunzitse." Anatembenukira kwa amayi. "Mlongo wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu akulankhula. Nyimbo yanji yopanda mawu, yopanda povinira, yongobuula ngati ng'ombe yodwala? Ngakhale ya maliro imakhala ndi Aleluya wake."

"Inetu ndimazimvera," anatero Nesi.

Onse awiri anamuyang'ana.

"Wodwala akandithera m'manja, ndimakwera basi, m'basimo mukulira nyimbo zoti tonse tivine. Ndimamva ngati akundinamiza. Izi sizindiuza kuti ndiseke kapena kuti ndilimbe mtima. Zimangokhala nane pansi, ngati munthu wodziwa kupepesa maliro."

Amayi anakumbukira mnansi wawo wosoka zovala. Pa onse amene anabwera ndi mavesi ndi malangizo, iye yekha anangokhala pamphasa tsiku lonse, dzanja lake lili pa bondo lawo, osanena kanthu. Ndi iyeyo amene ankamukumbukira akadzuka.

"Achimwene," anatero, "munthu saweruzidwa asanamveke. Dikirani ndimve chimodzi."

"Ukufuna kulowetsa zimenezi m'makutu mwako?"

"Mulungu amene wandisunga m'sabata ino sangandithawe chifukwa cha wailesi."

Nesi anasankha chimbale chimodzi mwa zimene Chete anapanga yekha. Chikuto chake chinali chitanyowa kale ndi palafini. Anachipukuta ndi m'mphepete mwa yunifolomu, nanyamula wailesi ya malemuyo kupita nayo kukhitchini. Amayi anakhala pa kampando kawo ka masiku onse, pafupi ndi firiji yakale imene anagula ndi malemu amuna awo. Nesi anawaveka mahedifoni. Ankanunkhabe mafuta a m'tsitsi a Chete.

Poyamba panalibe kanthu. Kenako kunabwera kulirima kwapansipansi, kochokera kutali, kumene anakumva m'chifuwa asanakumve m'makutu. Pamwamba pake pankadutsa tizitsulo tong'ambika, ndi kugunda kumodzikumodzi kosafulumira, ngati munthu woyenda m'nyumba yopanda katundu. Anakweza dzanja kuti avule, koma Nesi analigwira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumatero ndinu."

Anadekha. Kulirima kuja kunakula, kunadzaza mutu wonse, ndipo anadabwa kuona kuti mapewa awo, amene anali owuma chiyambire tsiku la uthenga lija, akutsika okha. Palibe chimene nyimboyo inkawapempha. Ndiyeno phokosolo linanjenjemera, linatsokomola kawiri, n'kuzima ndi kakuti thi.

Amayi anasuntha hedifoni imodzi, nayang'ana firiji. Kutsokomola kumeneko ankakudziwa ngati mmene ankadziwira mapazi a ana awo pakhonde.

"Ndi iyi," anatero.

"Ndi yomweyo. Mverani."

M'bata limene linatsatira munamveka kampando kakulira polemedwa. Kenako munthu anakoka mpweya. Panadutsa kanthawi kopanda kanthu, mpweya unakokedwanso, wautali, wonjenjemera pang'ono kumapeto. Zinapitirira chomwecho mpaka kulirima kuja kunayambiranso pansi pake, ngati kukunyamula mpweyawo.

"Chete ankasiya kamaikolofoni kuseri kwa firiji kuti amve pamene injini yake ikudwala," anatero Nesi. "Tsiku lina anapeza kuti m'zojambulazo mwalowamo inu, mukupemphera mbandakucha monga mumachitira. Anachotsamo mawu anu onse. Anati pemphero la amayi si langa, ndi la iwo ndi Mulungu wawo. Anangosiya popumira."

Amayi anavula mahedifoni. Ankadziwa amene ankamutchula m'mipata imeneyo. M'mawa uliwonse ankapempha kuti mwana wawo achoke mumdima, ndipo mwanayo anamva zonse, sanakwiye, sananene kanthu. Anangopitiriza kuwadzazira ketulo asanapite kuntchito.

Amalume anali ataima pakhomo, machesi ali m'manja. Amayi anawapatsa mahedifoni. Anawagwira ndi zala ziwiri, naika imodzi yokha pafupi ndi khutu. Anamvera nthawi yaitali ndithu, maso ali pa firiji.

"Koma ndi chifiriji chimenechi?"

"Ndiye ziwanda zanu zija, amalume."

"Mwana iwe, pakamwa." Anakanda kumutu. "Inetu sindinganame, kukoma kwake sindikukumva. Koma firiji siichimwa."

Anatuluka. Patapita kanthawi anamveka akukweza makatoni pakhonde, limodzi ndi limodzi, akupumira m'mwamba. Nesi anapita kukawathandiza, ndipo mkangano wawo wa mmene anganyamulire unkamveka mpaka kukhitchini.

Amayi anatsala okha. Firiji inadzuka, niyamba kung'ung'udza. Anagwada kuti atole machesi amene amalume anagwetsa, ndipo maso awo anagwera pansi pa mwendo wakutsogolo wa firijiyo. Panali kachidutswa ka katoni kopindidwa bwinobwino, kakadali katsopano. Kale firijiyo inkagwedera n'kumawasokoneza popemphera, ndipo anadandaulapo kamodzi kokha. Sanazindikire kuti inasiya liti, kapenanso kuti panali munthu amene ankasintha kakatoniko kakaphwatalala.

Anakagwira ndi chala, osakasuntha. Popeza anali atagwada kale, anangokhala chomwecho. Sanatsinzine, ndipo sananong'one monga ankachitira mbandakucha.

"Mwana wanga, ndinkagogoda khoma m'malo mogogoda chitseko chako. Undikhululukire."