Paipi Yophwatalala ya Galimoto ya Aphunzitsi

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Tiyamike Mulungu amene watisungira mpweya m'chifuwa kufikira lero.

Galimoto ya malemu Aphunzitsi inalowa m'garaja mawindo onse ali otsegula, ngakhale kunja kunkawaza. Inali yamakedzana, yobiriwira, ya mabampa onyezimira, ndipo eni ake ankaisambitsa Loweruka lililonse ngati khanda. Masabata atatu m'mbuyomo, chimvula chinawapeza panjira. Anaima pambali pa msewu, natseka mawindo, injini ikulira, kudikira kuti mvula ikate. Anthu anawapeza atatsamira chiwongolero, atazizira kale. Achipatala anati unali utsi wa galimoto.

A Makaniko, eni garajayo, anaika sipanala pansi n'kuvula chipewa. Iwo ndi malemuwo anaimba besi pa benchi imodzi ya kwaya zaka makumi atatu.

M'galimotomo munatuluka anthu atatu: mayi wamasiye, mwana wake wachisamba, bambo wandevu zake koma wowonda ngati wadwala chaka, ndi mng'ono wa malemuwo, amene anayamba kulankhula asanapereke n'komwe moni.

"A Makaniko, tatsikani m'dzenjemo muone ntchito za injiniya wathu wophunzira pa foniyu. Ankasintha teyala, jeke anakaika pa ekizozi. Paipi yaphwatalala ngati yapondedwa ndi lole. Utsi unasowa potulukira, unabwerera kwa akulu anga."

"Bambo aang'ono, jeke ine sindinaike pamenepo," anatero mwanayo ndi mawu a munthu wotopa nako kunena.

"Khala chete iwe! Manda a bambo ako sanaume."

Mayi aja anayankhula motsitsa kwa a Makaniko. "Bambo, mwanayu sakudya, abale ake sakumuyankhula. Mutiuze zoona zokhazokha. Ngati ndi iye, tidziwe."

A Makaniko anatenga tochi natsika m'dzenje la pansi pa galimoto. Paipi yotulutsa utsi inalidi yophwatalala pamalo pamene imadutsa pamwamba pa chitsulo chogwira mateyala akumbuyo. Anayendetsapo chala. Panali posalala, popanda dzino la jeke kapena chipsera cha nyundo, ndipo dzimbiri lake linali lofanana ndi la paipi yonse, dzimbiri la zaka zambiri. Mtima wawo unayamba kuimba. Koma potembenuza tochi kuti atuluke, kuwala kunagwera pa sailensa, kamgolo ka pa paipiyo kochepetsa phokoso la injini, ndipo nyimbo ya mumtima ija inaduka.

Anatuluka pang'onopang'ono, napita kuseri pa mulu wa zitsulo zakutha. Anabwerako ndi paipi ya galimoto ina ya mtundu womwewo naigoneka pa simenti.

"Onani apa. Yophwatalala chimodzimodzi, malo omwewo. Anazipanga dala chomwechi ku fakitale, kuti paipi isamagunde chitsulo chija galimoto ikagwa m'dzenje la mumsewu. Inabadwa choncho, mwanayu asanabadwe. Utsi umadutsa bwinobwino."

Mwana uja anakhala pansi pomwepo, pa mafuta, nabisa nkhope m'manja. Bambo ake aang'ono anagwada n'kuyeza paipi ija ndi zala kawiri konse, kenaka anangoti, "Hmm."

"Ambuye alemekezeke," anatero mayi aja. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga utsiwo unalowera pati, bambo?"

A Makaniko anayang'ana manja awo akuda. Chaka chatha sailensa inabooka. Aphunzitsi anakana yatsopano, ati galimoto yakale siivala nsapato za ana, adikira kaye yamtundu wake ipezeke. Tsono a Makaniko anadula chitini, anamata pabowopo, namanga ndi waya. "Mubwere mvula isanayambe," anawauza tsikulo. Kuchokera pamenepo anakumana Lamulungu lililonse, kugawana buku limodzi la nyimbo, koma za chitini palibe anakumbutsa mnzake.

Palibe aliyense mwa anthu atatuwo amene akanatsika m'dzenjemo. Kungoti "akudziwa ndi Mulungu," onse akanavomera n'kumapita. Komatu Mulunguyo ankadziwadi.

"Achimwene, talizani injini," anauza mng'ono wa malemuwo. "Tengani sanza iyi mutseke nayo kukamwa kwa paipi. Iwe mwanawe, tsika nane."

Injini italira, pansipo panamveka kufwenkha ngati mphika wotseka. Utsi unkapopera m'mphepete mwa chitini chija, chimene dzimbiri linali litachidya mbali imodzi. Mzere wa mwaye unakwera molunjika pa kabowo ka pansi pa mpando wa dalaivala, kobisika ndi kapeti.

"Waona waya uyo?" anafunsa a Makaniko mokweza, kuti akumwamba amve. "Wopota katatu, nsonga yopindira mkati kuti isacheke munthu. Mmisiri aliyense ali ndi kapotedwe kake. Ameneyo ndinamanga ndine."

Injini inazima. M'garajamo munangotsala phokoso la madontho pa malata.

"Inu?" anatero mng'ono wa malemuwo. "Inu amene munatsogolera nyimbo pa maliro?" Anataya sanza ija pansi natuluka, mvula ikumunyowetsa.

Mayi aja sanalalate, ndipo zimenezo ndi zomwe zinapweteka koposa. Anaweramira m'dzenjemo, natambasula dzanja, nakweza mwana wawo.

"Tiye kunyumba, ukadye," anatero. Ali pakhomo anatembenuka. "Galimotoyo itsale, bambo. Sindifuna kuionanso."

Ilipobe m'ngodya ya garaja, yofundidwa lona. Pa benchi ya besi pali malo awiri opanda munthu, pakuti a Makaniko amakhala kumbuyo kwenikweni masiku ano, milomo ikuyenda popanda mawu. Koma mwana uja akudya.

Ambuye akusungeni, owerenga anga, pa ulendo ndi poima pomwe. Akupatseni lilime lonena zoona pa tsiku limene zoonazo zidzakhale zolemera, ndipo chifundo chake chisakusiyeni nokha m'dzenje. Ameni.