Galimoto ya Mkamwini Ikugwedera

Galimoto ya mkamwini wa a Makaniko inabweranso pagalaja pawo m'mawa, fumbi lili mbuu. Inali pikapu yakale imene a Makaniko anaikweza okha. Anaika masipulingi aatali ndi matayala akuluakulu kuti izilowa m'misewu ya kuminda, kumene mkamwiniyo amakagula mbewu. M'matope inkayenda bwino. Vuto linali pa tala. Ikathamanga n'kuponda pokumbika, kutsogolo konse kunkagwedera, chiwongolero n'kumalumpha m'manja, osasiya mpaka munthu ataima.

Mkamwini anatsika n'kuvula chipewa. Mkazi wake, amene bambo ake, a Makaniko, ankangomutcha Mzime, anatsika ndi mwana m'manja.

"Bambo, dzulo yachitanso," anatero mkamwini. "Tinali tonse ndi mwanayu. Tinatsala pang'ono kulowa m'ngalande."

A Makaniko anayang'ana mwanayo, kenako matayala. Mashoki anali atawasintha kale, mabushi amphira a m'masipulingi atawasinthanso. Zitakanika, ananena pamaso pa anthu kuti vuto ndi matayala, a Pampu okonza matayala kutsidya kwa msewu sanawakonze bwino. A Pampu anamva. Kuyambira pamenepo moni unatha.

Mkamwini anapinda chipewa chake. "Musandimve molakwika, bambo. Kugalaja yaikulu ija ali ndi makina. Ngati lero vutoli silipezeka, ndimati mawa ndikaionetse kumeneko."

A Makaniko anakoka jeke. Galimoto ya mwana wawo kutuluka pagalaja pawo kukakonzedwa ndi anthu ena, msewu wonse ukuona, ndani adzabweretsenso yake?

"Mukuikwezanso?" anafunsa Mzime. "Kodi munaigwedezapo ili pansi?"

"Ndikudziwa ntchito yanga."

"Sindinakane. Ndangofunsa."

A Makaniko anali asanayese. Kugwedera kwa mtundu umenewu sikuoneka galimoto ili m'mwamba. Imafunika ikhale pa matayala ake ndi kulemera kwake konse, wina azipotoza chiwongolero uku ndi uku, wina ali pansi akugwira polumikizira paliponse. Ndi ntchito ya anthu awiri. Kale amene ankakhala pampando anali mayi a Mzime. Chimwalirire iwo, a Makaniko sanapemphe munthu. Ankaikweza pa jeke, kugwedeza tayala okha, n'kusintha chimene achikayikira. Kugona pansi n'kumakalipira mkamwini kuti potozani, zimenezo sakanatha.

Mzime anapereka mwana kwa mwamuna wake n'kukwera. "Lowani pansi, bambo. Ineyo mukhoza kundikalipira, ndinazolowera."

A Makaniko anaima kanthawi, jeke ili m'manja. Kenako anaisiya, anayala katoni n'kulowa chagada.

"Potoza."

Matayala anakhukhuluza simenti.

"Osati choncho. Sukukhota msewu. Pang'onopang'ono."

"Amayi munkawauzanso choncho?"

"Amayi ako ankamva kamodzi."

Chiwongolero chinayamba kuyenda bwino, kumanzere, kumanja. A Makaniko anagwira polumikizira pa tayala lakumanzere. Panali polimba. Lakumanja chimodzimodzi. Bokosi la chiwongolero silinkasuntha. Dzanja linafika pa mtanda wachitsulo umene umagwira ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akutsogolo, kuti isamayende cham'mbali. Pamwamba, pamene mtandawo umamangidwa ku chasisi, chimango cha galimoto, china chake chinagunda chala chawo. Kenako chinagundanso.

Anaunikira tochi. Bauti inkaseweramo. Chitsulo chimene inalowamo anachiwotcherera okha tsiku limene ankakweza galimotoyo. Choboolera cha saizi yake chinali chitathyoka, ndiye anaboola ndi chokulirapo, n'kunena mumtima kuti akamanga kwambiri igwira. Tsopano bowolo linali litadyeka ngati dzira.

"Ndisiye?" anafunsa Mzime.

"Siya."

A Makaniko anakhalabe chigonere pomwepo. Sipanala inali pafupi ndi phewa. Akanatha kumanga bautiyo mwamphamvu n'kutuluka, kunena kuti inangomasuka. Ikanagwira masiku angapo. Ali pansipo ankaona nsapato za mkamwini zikupita uku ndi uku, akutonthoza mwana.

"Mwapeza kanthu, bambo?" anafunsa mkamwini.

A Makaniko anatuluka pang'onopang'ono, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Si matayala."

"Nanga n'chiyani?"

"Bowo. Ndi lalikulu. Ndinaboola ndine."

Mkamwini anayang'ana pansi ngati wolakwa ndi iye. "Zimachitika, bambo."

"Sizichitika," anatero a Makaniko.

Chitsulocho chinkafunika kudulidwa, kuwotchererapo china chokhuthala, n'kuboola bwino. Makina awo owotcherera anapsa kalekale. Amene anali nawo mumsewu wonsewo anali a Pampu.

Mzime anati, "Ndipite ndine?"

A Makaniko anapukusa mutu n'kuwoloka msewu. A Pampu anali atakhala pa tayala, akumata chubu, anthu angapo akudikira pa benchi. Sanadzutse mutu.

"Mwasochera, madala? Kuno ndi kwa anthu osadziwa matayala."

"Ndabwera kudzabwereka makina."

"Makina a munthu wosadziwa ntchito? Akuonongerani galimoto."

A pa benchi anaseka.

"Matayala anu alibe vuto. Vuto linali langa, bowo limene ndinaboola ndekha."

"Mwati chiyani? Pampu iyi inandigonthetsa. Tsiku lija mumalankhula mokweza, ndinamva bwinobwino ndili konkuno."

"Ndati matayala anu alibe vuto," anabwereza, mpaka mayi wogulitsa nthochi pambali anacheuka.

A Pampu anamaliza kumata chubu, anaipopa, anaimiza m'madzi kuona ngati ikutulutsa mpweya. Sanafulumire. Atatha anaimirira n'kudzikung'untha.

"Makina sindibwereketsa. Ndibwera nawo ndekha, ndikaone bowo lotchukalo. Gwirani uko, ndi olemera."

Anawoloka atanyamulizana, magalimoto akuwaimbira hutala. A Pampu analowa pansi pa pikapu, anaunikira, n'kuimba mluzu.

"Madala, apa pakhoza kudutsa mbuzi."

Palibe amene anaseka. Mkamwini anali ataima pakhomo, kiyi ali m'manja. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana kumsewu wopita kugalaja yaikulu. A Makaniko ankafunafuna chitsulo mu mulu wa zakale, atapereka msana.

"Bambo," anatero mkamwini. "Ndidzaitenge liti?"

"Mawa masana." Sanacheuke. "Mzime abwere. Ndidzafuna woti apotoze."

Mkamwini anaika kiyi pa tebulo la zida, n'kupita kukaimitsa minibasi.