Makiyi Atatu Otsala

Nyumba imene amayi ake a Kachete anagula inali yakale kuposa agogo ake. Inali mumsewu wopanikizika kuseri kwa masitolo a m'tauni, kumene nyumba za njerwa zofiira zinagundana makoma ngati ana ogona mphasa imodzi. Amayiwo anali namwino, ndiye anaikonda poti kuchipatala akanatha kumangoyenda wapansi. Kachete sanafunsidwe. Dzinalo anam'patsa ndi anzake a kusukulu yakale chifukwa chosayankhulayankhula, koma kuno panalibe ngakhale womunyoza nalo.

Wogulitsa nyumbayo, telala wokalamba amene ankasamukira kwa mwana wake, anawapatsa makiyi asanu ndi anayi omangidwa pa waya.

"Zitseko zilipo zisanu ndi chimodzi, bambo," anatero amayi. "Nanga atatu enawa?"

"Amakhala pamsomali kuseri kwa chitseko," anayankha telalayo, maso ali pagalimoto imene inkanyamula mashini ake. "Eni ake akudziwa."

Amayi sanafunsenso. M'mawa mwake anaitana mmisiri kudzasintha maloko onse. Hamala inalira tsiku lonse, anthu a mumsewumo akungoyang'ana ali pamakonde awo. Madzulo amayi anamuponyera Kachete waya uja.

"Kataye zitsulo zimenezi."

Iye sanataye. Anaziika m'chitini chosungiramo mapensulo, osadziwa chifukwa chake.

Panapita masabata atatu popanda wowapatsa moni. Chifukwa chake anachimvera kugolosale, ataima kuseri kwa wometa tsitsi amene ankagula sopo.

"Zaka makumi anayi tikusungirana makiyi mumsewu muno," ankatero wometayo. "Iwo kungofika, khokhokho, maloko atsopano. Ndiye kuti atiwona nkhope za mbala!"

Wamgolosale anakhosomola dala. Wometa anacheuka, namuwona Kachete, n'kuyamba kuwerenga zolemba papepala la sopo ngati kalata yochokera kutali.

Kachete sanawauze amayi ake. Iwo ankabwera kuchokera kuntchito miyendo itatupa, n'kugona ndi yunifolomu yomwe. Choncho iye akaweruka kusukulu ankangokhala pamasitepe a matabwa, olira ngati munthu wodwala msana, kumamvetsera moni wa anthu akudutsa kunja. "Mwaswera bwanji?" Nthawi zina ankayankha chamumtima.

Tsiku lina masana kukugwa mvula, kunamveka kugogoda. Anali agogo ena a mumsewumo, a nyumba ya chitseko chobiriwira, atanyowa mpaka kumpango, jumbo la tomato lili m'manja.

"Iwe mwana, mphepo yanditsekera kunja," anatero osam'yang'ana kumaso. "Kiyi wanga ankakhala pamsomali wanu. Kapena mayi ako anagulitsa kale kwa ogula zitsulo?"

Kachete anangothamangira m'mwamba, n'kutsika ndi waya uja.

Pachitseko chobiriwira anayamba kuyesa makiyi atatu otsala aja. Kiyi woyamba anakana. Wachiwiri analowa koma osazungulira.

"Ameneyo ndi wa wometa," anatero agogo. "Wouma mutu ngati mwini wake."

Kachete anafuna kuseka, koma anachedwa nazo. Wachitatu anazungulira, chitseko n'kutseguka.

Agogo anamasula kiyiyo pawaya ndi zala zawo zopindika, nakhala naye m'manja kanthawi. Kachete anadziwa kuti akamuika m'thumba, basi, nkhani yatha, mumsewu muno adzakhala mlendo mpaka kalekale. Mvula inkam'tsikira m'khosi koma sanasunthe.

"Msomali uja ulipobe?"

"Ulipo, agogo."

"Ha, kani umayankhula!" Anam'bwezera kiyiyo m'dzanja. "Kapachike. Osati m'chitini kapena m'sokosi, pamsomali."

Analowa n'kutseka. Sanam'funse dzina.

Kachete anapachika makiyi onse atatu kuseri kwa chitseko. Kuyambira tsikulo, akabwera kusukulu amakhala pasitepe yachiwiri, pamene msomaliwo umawonekera bwino. Sanaululirepo munthu, koma kukachita mphepo mtima wake umadumpha, ndipo amalakalaka agogo aja ataiwalanso kiyi wawo.