Chiphaso cha m'pulasitiki

M'kashopu ka aPulasitiki munali makina awiri: a fotokope, amene ankatafuna mapepala akakwiya, ndi ena omata mapepala m'pulasitiki, amene mwiniwake ankawapukuta ndi mpango wake wa m'thumba. Dzinali sanangowapatsa chabe. Munthu ankalowa kudzapanga fotokope ya tsamba limodzi, n'kutuluka pepalalo lili gwa ngati mbale, atamvanso ulaliki wonse wa mvula, thukuta ndi mphemvu. Kunyumba kwawo satifiketi ya ukwati inali m'pulasitiki. Khadi la sikelo la mwana woyamba analimata mwanayo ali ndi miyezi itatu, ndipo namwino atalephera kulembapo, iwo anati vuto ndi cholembera cha namwinoyo.

"Chakudza sichiimba ng'oma," ankatero.

Ndiye taganizani mmene zinalili pamene mwana wawo womaliza, amene onse ankangomuti Mzime, anaitanidwa kukalemba mayeso olowera ku koleji. Mwa akulu ake atatu palibe amene anafikapo pamenepa. Mayesowo ankalembedwa kamodzi pachaka, ndipo wopanda chiphaso chokhala ndi chithunzi chake sankaloledwa ngakhale kusuzumira m'chipindamo. APulasitiki, amene mayeso awo omaliza analemba tsitsi likadali lodzaza m'mutu, analemba malamulo khumi a kakhozedwe: kugona msanga, kudya koma osakhutitsa, mapensulo anayi, kufika kutatsala maola awiri, ndi ena otero. Anawamata m'pulasitiki n'kuwakhomera pachitseko cha mwanayo.

Masana a tsiku loti mawa ndi mayeso, anaitanitsa chiphaso.

"Bambo, ichi chokha musamate," anatero Mzime. "Akuti amadindapo pakhomo."

"Akuti ndani?"

"Anzanga amene analemba chaka chatha."

"Anzakowo anakhoza?"

Anzakewo sanakhoze. Mzime anayang'ana amayi ake, amayi akewo n'kuyang'ana malaya amene ankasita.

"Ukuona? Mawu a akulu amakoma akagonera. Kukagwa mvula mawa udzandithokoza."

Mtsikanayo anati abwera nacho yekha kushopu. APulasitiki anapita kukagula mapensulo, ndipo pobwerako anachipeza chili pakauntala. Anachimata mosamala kuposa pepala lililonse limene anagwirapo, m'mbali mwake n'kudula bwinobwino kuti musabaye zala. Mtima wawo unali mbee.

M'mawa mwake kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Anafika geti lisanatsegulidwe, n'kuthandiza mlonda kulikankha. Makolo ankayenera kutsalira pansi pa masitepe, koma aPulasitiki anakwera ndi mzere wa ana chifukwa chiphaso ananyamula ndi iwo, mu envulopu, m'thumba la m'kati mwa jekete.

Pakhomo pa holo panali tebulo, ndipo patebulopo panali mayi wa magalasi, chidindo chili m'manja. Analandira chiphasocho, n'kuchitembenuza uku ndi uku, n'kuchigogoda ndi chikhadabo.

"Ichi n'chiyani?"

"Chiphaso, mayi. Chotetezedwa."

Mayiyo sanatsutse. Anadinda, kenako anapukuta ndi chala chachikulu, inki yonse n'kuchoka, pulasitiki n'kutsala ikunyezimira ngati sipanachitike kanthu.

"Pakufunika chidindo changa ndi siginecha ya mwana papepala lenilenilo. Popanda zimenezo salowa. Imani pambali, bambo. Wotsatira!"

APulasitiki anaima pambali. Anatulutsa lezala m'chikwama n'kugwada pasitepe.

"Bambo, tamverani," anatero Mzime.

"Takhala chete, ndikuganiza."

Kwa zaka makumi awiri anakhala akuuza makasitomala kuti chimene amata iwo sichimatuka, ndipo tsiku limeneli anatsimikiza kuti sankanama. Lezala inaterereka n'kuwacheka chala.

"Bambo, pali zoti ndikuuzeni."

"Usandisokoneze, mwana iwe! Sukuona nthawi?"

Mzere unkafupika. Ana a anthu ena ankapereka timapepala tawo tamakwinya, tina tamafuta, chidindo n'kumalira thi, thi, iwo n'kumalowa. Kona imodzi inavomera. APulasitiki anakoka pang'onopang'ono, ndipo pepala linang'ambika pakati, theka la nkhope ya Mzime n'kupita ndi pulasitiki ya pamwamba.

"Bambo!"

APulasitiki sanathe kudzutsa mutu. Anachita mantha, anachitanso manyazi, koma chachikulu chinali chisoni. Anakumbukira mwanayo akuwerenga kuseri kwa kauntala makina akulira, akutseka makutu ndi zala, chaka chathunthu. Mvula sinamulande kanthu, mphemvu sizinamulande kanthu. Chaka chake anaching'amba ndi bambo ake omubereka, ndi manja awo, pasitepe.

Chidindo chinaliranso, thi. Kenako anamva mawu a mayi wa magalasi: "Sayina apa. Bwanji sunapereke chimenechi poyamba?"

Anacheuka. Mzime anali atawerama patebulo akusayina pakapepala kopindidwa kanayi, kofewa ndi thukuta la m'thumba la bulauzi.

"Nanga ichi?" anafunsa aPulasitiki, atanyamula zidutswa ziwiri.

"Fotokope ya kala, bambo. Pa makina anu omwewo, mutapita kukagula mapensulo."

"Amayi ako akudziwa?"

"Chenichenicho anandisungira ndi iwo."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani dzulo. Lero ndayesa katatu."

Belu linalira. Mzime anatambasula dzanja, iwo n'kumupatsa mapensulo anayi aja. Anatengapo awiri, n'kulowa.

Maola atatu amenewo aPulasitiki anakhala pakhoma la panja ndi makolo ena, chala atachikulunga ndi mpango wopukutira makina. Bambo wina anawafunsa ntchito imene amagwira, iwo n'kungoti, "Ya mapepala." Anayang'anitsitsa zidutswa zija, ndipo m'kati mwa manyazi onsewo anavomereza kuti makina awo a fotokope amagwira ntchito yabwino, poti anapusitsa mwiniwake yemwe.

Zitseko zitatsegulidwa, Mzime anatuluka akudumpha masitepe awiriawiri. Anati mafunso ambiri anali omwe anawerenga, ndipo anamaliza nthawi isanathe. Kenako anatulutsa kapepala kaja, kali ndi chidindo chopendekeka, siginecha, ndi masamu ena amene analemba kuseri kwake.

"Kwayani, bambo. Tsopano mukhoza kumata."

APulasitiki anakalandira. Zala zawo zinayamba zokha kuwongola makwinya, monga zinazolowera. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakapinda motsata mizere imene mwanayo anapinda, n'kumubwezera.

"Sunga wekha, mwanawe," anatero. "Mwina kutsogoloko kuli ena ofunika kulembapo."