Katoni Imodzi Ichoke

Ine ndimasoka zovala, ndipo maso anga ayamba kutopa. M'nyumba mwathu zenera lolowetsa kuwala kokwanira kuti munthu alowetse ulusi pasingano ndi limodzi lokha, ndipo pansi pa zeneralo panali makatoni atatu a mabuku. Ine ndinkasokera patebulo lodyera, kumdima, n'kumanyamula mashini nthawi zonse anthu akamva njala.

Katoni ina inali ya amuna anga, omwe anzawo amawatcha Akochi ngakhale sanaphunzitsepo timu iliyonse. Munali mabuku a mpira okhaokha. Ina inali ya mwana wathu wamkazi wa ku sekondale, yodzaza mabuku ophunzitsa tchesi. Yotsalayo inali ya apongozi, bambo awo a amuna anga, omwe anali mphunzitsi asanapume. Munali masewero achisoni a Agiriki akale, mapepala ake ofiirira, onunkha mphemvu.

Ndinayeza ndi tepi. Kunsi kwa bedi la apongozi kukanalowa makatoni awiri basi.

"Loweruka mlongo wanga akubwera ndi galimoto," ndinawauza tikudya. "Katoni imodzi ipita ku laibulale ya kusukulu. Sankhani nokha."

Anakangana mpaka chakudya kuzizira, aliyense kutama zake. Nditatopa ndinamenya supuni pambale.

"Diresi ikasokedwa, wonena kuti yakhala bwino ndi wovala, osati ine telala. Sinthanani. Bambo ake, muwerenga za Agiriki. Apongozi, mutenga tchesi. Iwe mwana, za mpira. Lachisanu aliyense anene momwe waonera. Katoni yomwe yanyozedwa ichoka."

M'mawa mwake amuna anga anandipeza ndikusita. "Mwanayu anyoza zanga, ndikumudziwa," anandinong'oneza. "Ndiye nanenso ndinyoza za bambo. Zikafanana, tipita kumapenate."

"Chotsani phazi pachingwe cha ayironi," ndinatero.

Sabata imeneyo m'nyumba munali zii ngati mwachoka anthu. Apongozi anakhazikika pakhonde ndi bolodi ya tchesi ya mdzukulu wawo, buku pamwendo, magalasi kumapeto kwa mphuno. Kavalo mmodzi wa pabolodiyo anasowa kalekale, ndiye m'malo mwake anatenga bobini yanga ya ulusi wofiira. Ndinaifuna nyumba yonse. Mwana ankawerenga za mpira atagona chagada, akupumira m'mwamba ngati akumwa mankhwala owawa. Amuna anga analowa ndi buku la Agiriki kubafa. Ndikudutsa pakhomopo ndinawamva akuti, "Iwe, wauzidwa kale. Bwanji sukumva?"

"Mukuyankhula ndi ndani?"

"Palibe. Ndikutsokomola."

Lachisanu titatha kudya ndinachotsa mbale, n'kukhala pansi ndi siketi ya kasitomala yoti ndipinde m'munsi. Manja anga sakhala chabe.

Anayamba apongozi. "Wolemba uyu alibe ulemu," anatero. "Amakuonetsa chithunzi, n'kukuuza kuti mbali ya zoyera ipambana mosavuta. Mosavuta kwa ndani? Ine ndakhala pamenepo mpaka tiyi kuzizira. Yankho waliika kumapeto, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere."

"Ndiye mwanyoza?" anafunsa amuna anga, maso akuwala.

"Ndani wanyoza? Ndikudandaula. Buku lomwe landichititsa manyazi ndili ndi imvi zonsezi silichoka m'nyumba muno ndisanabwezere. Likhale."

"Agogo, mwayendetsa kavalo ngati njinga sabata yonse," anatero mwana.

"Bobini ija imagubuduka yokha, mayi. Nena zako."

Mwana anakweza buku la mpira ndi zala ziwiri. Inali mbiri ya goloboyi wina. "Adadi, munthu uyu sanalakwitsepo chibadwire. Akagoletsedwa, ndi dzuwa. Kukakhala mitambo, ndi woyimbira. Pena akuti mpira unali wopopa kwambiri. Ndatsegula ena awiri mukatonimo, onse anabadwa osauka, onse aphunzitsi awo anawauza kuti sadzatheka, onse anayamba ndi mpira wa mapepala. Ndi buku limodzi, amangosintha nkhope pachikuto. Ichoke."

"Mwana wosaleredwa bwino," anatero bambo ake, akundiyang'ana ine.

"Nthawi yanu," ndinatero.

Anakonza kukhosi. "Za bambozi n'zogonetsa tulo. Choyamba, palibe chomwe umaona. Anthu amafera kuseri, kenako kumabwera wamthenga wefuwefu kudzafotokoza. Zili ngati kumvera mpira pawailesi."

"Mpira wa pawailesi mumaukonda," anatero mwana.

"Khala chete. Chachiwiri, muli gulu la madala ongoima pambali. Amadziwa zonse, amaona kuti zinthu zikuipa, koma kulowa m'bwalo ayi. Kumangoyimba. Masapota enieni." Apa mawu anali atayamba kukwera. "Nanga mfumuyo? Wansembe wamuuza poyera kuti usachite. Mkazi wake wamuuza. Ngakhale mlonda wa pachipata wamuuza. Iye kumangopita kutsogolo, kumbuyo osasiya munthu. Ine ndinaona kale pakati pa buku kuti uyu agoletsedwa, koma ndimati mwina asintha. Mwina atulutsa mlamu wake uja, chifukwa vuto lonse ndi mlamu. Bambo, mukanakhala inu, mlamu ameneyo mukanamusiya m'nyumba?"

"Vuto si mlamu," anatero apongozi modekha. "Milungu inali itagamula kale."

"Ndiye masewerowo anagulidwa! Woyimbira ali mbali imodzi kuyambira pachiyambi, munthu n'kumathamangabe mpaka kumapeto. Mtima unandiwawa ine. Ndiponso tsamba lomaliza mphemvu zinadya. Mwana wake wamkazi uja anapulumuka?"

"Zili m'buku lotsatira," anatero apongozi.

"Lili kuti?"

"Mukatoni. Ija ikupita mawa."

"Ipite kuti? Katoni imeneyo sichoka ndisana..."

Anaima pomwepo, kukamwa kuli yasa. Mwana anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinadula ulusi ndi mano.

"Tamva tonse," ndinatero. "Ziwiri zatamidwa, imodzi yanyozedwa."

"Mayi ake, sindinamalize. Ndimati ndinyoze kumapeto."

"Siketi iyi ndamaliza. Mlandu nawonso watha."

Loweruka mlongo wanga anafika, n'kuimba hutala osatsika. Amuna anga ananyamula okha katoni yawo, ataikumbatira pamimba, akuyenda pang'onopang'ono. Apongozi ndi mdzukulu wawo anaima pakhonde mapewa ogundana, n'kuyamba ndi mawu okoka ngati a pamaliro.

"Taonani munthu uyu, dzulo anali ndi mabuku."

"Anakonza msampha, wagweramo yekha."

"Tinaona, koma ife ndife ongoima pambali."

"Alamu, kwagwanji kuno?" anafunsa mlongo wanga.

"Tsegulani kumbuyoko, musafunse zambiri," anayankha amuna anga. Ataika katoniyo anasolola buku limodzi, la goloboyi lija, n'kulibisa m'malaya. Ndinaona, koma buku limodzi silitseka zenera.

Galimoto isanakhote n'komwe ndinali nditakokera makatoni awiri aja kunsi kwa bedi. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinaitana mwana kuti tithandizane kunyamulira mashini pazenera. Ulusi unalowa pasingano ulendo woyamba.

Sindinasoke ngakhale mkono umodzi, amuna anga anatulukira atagwada pakhomo la chipinda cha bambo awo, fumbi lili m'tsitsi.

"Mayi ake, lotsatira lija mwaliika pansi kapena pamwamba?"

"Funsani eni ake," ndinatero, n'kuponda mashini.